Kupita Kunyanja Pamodzi ndi Nkhumba

Ife aphunzitsi amene tinamaliza limodzi kukoleji tinagwirizana zokakwera boti ya thanga ku Mangochi, ija yoyenda ndi mphepo. Ine ndinkaphunzitsa ku Mitundu, ndipo nyanja ndinali ndisanaionepo. Basi ya gulu lathu inkachokera m'tauni, choncho tinapangana kuti idzandipeze pa Nathenje. Tonse tinasoketsa malaya oyera ofanana, ndipo ine ndinavaliratu anga kunyumba.

Pofuna kudula njira, ndinasankha msewu wodutsa m'midzi m'malo mozungulira m'tauni. Linali dzinja. A njinga zamoto onse anakana, ati matope. Kenaka panaima kalole kakale.

"Amadamu, kwerani kutsogolo kuno," anatero dalaivala. "Mukhala ngati bwana."

Kumbuyo kunali nkhumba zomangidwa miyendo, zopita kwa ogulitsa nyama pa Nathenje pomwepo. Sindinazilabadire. Koma titangoyenda pang'ono tinapeza mwini galimoto akudikira m'mbali mwa msewu, bambo wamimba yaikulu, pamodzi ndi mkazi wawo.

"Amadamu, pepani. Awa ndi eni ake," dalaivala uja anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Ndinatsika, n'kukwera kumbuyo. Ndinakhala pa tayala la sipeya, chikwama pamiyendo, mapazi pakati pa nkhumba. Fungo lake silinali la m'mphuno mokha, linkafika kukhosi. Pansi panali ndowe zosakanikirana ndi mkodzo ndi madeya, ndipo galimoto ikagwa m'dzenje zonsezo zinkayenderera kubwera kumene kunali ine. Nkhumba ina yaikulu yakuda inatsamiritsa mphuno pa bondo langa, dovu likutuluka kukamwa, ntchentche zikuchoka pa iyo n'kutera pamilomo panga.

Pa mudzi wina anakwezanso bambo woledzera. Anandipatsa moni mwaulemu ndithu, n'kukhala pafupi nane. Tisanafike patali anagwira pamimba.

"Achemwali, tasunthani," anatero.

Ndisunthire kuti? Anasanza, masese onse anathera pa phewa langa, ofunda, n'kutsikira m'kati mwa malaya. Iwo anapukuta pakamwa ndi chipewa, n'kundifunsa ngati ndili pabanja.

Padambo galimoto inatitimira. Mwini wake sanatsike, anangotulutsa mutu pawindo: "Akumbuyo, takankhani!" Akumbuyo tinali ine, woledzera uja ndi nkhumba. Anthu amene ankapalira chimanga chapafupi anabwera kudzathandiza. Tayala litazungulira linandimwaza matope kuyambira kumaso mpaka kumapazi, ndipo nsapato imodzi inatsala momwemo. Foni inkangolira m'chikwama, koma manja anga sanali oti n'kugwira kanthu.

Pa Nathenje ndinapeza basi ikudikirabe, anzanga atakwiya. Atandiona mkwiyo unatha, anayamba kutseka mphuno. Mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi kukoleji anandiimitsa ndisanafike pachitseko.

"Asisi, chonchi ayi. Tisanzatu tonse."

Mayi wina wogulitsa tomato ananditengera kuseri kwa golosale, nandipatsa ndowa ya madzi ndi kachidutswa ka sopo. Anatchinga ndi chitenje chake ine ndikudzikhula. Malaya aja ndinawaponya m'dzenje la zinyalala. Ndinavala diresi imene ndinatenga kuti ndizigonera, ndi masilipasi ogula pomwepo. Ngakhale ndinasamba, anandikhazika mpando wakumbuyo, mawindo onse otsegula, mvula ikulowa.

Boti tinakweradi m'mawa mwake. Thanga litakwezedwa anzanga anayamba kuimba ndi kujambulana. Ine boti itangopendama kamodzi, ndinathamangira m'mphepete mwake. Ulendo wonse ndinali chogwada pomwepo, mutu uli kunja, ndikusanza mpaka ndulu. Woyendetsa boti anandiuza kuti ndiziyang'ana kumapiri, koma sizinathandize. Pobwerera ndinatsikira m'tauni n'kukwera minibasi ya ku Mitundu, ndipo Lolemba ana a m'kalasi mwanga atandifunsa kuti nyanja ndi yotani, ndinawauza kuti atsegule mabuku.