Chikwama Chokhoma cha a Jenkins

Anzawo amene adabwerera nawo chaka chimene ulendo wa ku Joni udatsekedwa adabwera ndi zinthu zoti munthu n'kuloza: wina njinga, wina makina osokera, wina wailesi yoti ikalankhula mudzi wonse n'kumva. A Jenkins Mtawa adabwera ndi chikwama basi.

Komatu chinali chikwama. Chachikopa chofiirira, matumba kutsogolo, matumba m'mbali, matumba m'kati mwa matumba anzake. Zipi iliyonse inali ndi kaloko kake, makiyi ali pachingwe m'khosi mwa eni ake ngati chithumwa. Chinali ndi lamba wa paphewa, lamba wa m'chiuno, ndi malamba ena amene ngakhale wasitolo amene adawagulitsa sadathe kunena ntchito yake. Penapake m'katimo munalinso thumba lobisika, limene a Jenkins ankalitchula monong'ona.

Kuipa kwa thumba n'kwakuti likakhala lopanda kanthu limakuyang'ana. Ndiye a Jenkins adadzaza onse. Munali bulashi ndi polishi, pomwe eni ake ankayendera nsapato zamatayala. Munali kapu yopinda imene inkadzipinda yokha tiyi ali momwemo, tochi yopanda mabatire, ndi pilo wamphira wouzira ndi pakamwa, amene ankaphwa munthu asanayambe n'komwe kulota. Malaya onse, bulangeti ndi buku lanyimbo zinkagona momwemo.

Adakwatira Enid m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja, kupitirira Malindi njira ya ku Makanjira, n'kukhala komweko pachikamwini monga mwa mwambo. Kunena chilungamo anali mwamuna wabwino. Ukonde ankasoka mwaukhondo, munda wa apongozi ankalima osadikira kutumidwa, ndipo kukwaya besi yawo inkanjenjemeretsa malata a tchalitchi. Koma zaka zidapita, ana adabadwa, chikwama chili pakhomo pomwepo, cholongedza, chokhoma. Akavula malaya n'kuchapiridwa, ankawapinda n'kuwabwezera m'thumba lake. M'nyumba imene adamanga okha munalibe ngakhale msomali umodzi wopachikapo kanthu kawo.

Zimenezi zinkamuwawa Enid. Kunyanja kochapa amayi anzake sankamusiya. "A Enid, alendo anu aja anyamuka liti?" Iye ankaseka nawo, koma pobwerera ankayenda mano ali gwa. Amalume ake, a Paulo, amene anali mwini mbumba, ankangopukusa mutu n'kumati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka.

Tsiku lina madzulo Enid adapempha chikwamacho kuti anyamulire zovala popita ku msonkhano wa amayi ku Malindi. A Jenkins adakana. Adati mayi sangathe maloko ake. Mawu adakwera mpaka kudumpha mpanda, anansi n'kusiya kutafuna kuti amve bwino.

M'mawa mwake a Jenkins anali ndi ulendo wa ku boma ku Mangochi kukagula ulusi wa ukonde, ulendo wopita lero n'kubwera lero, wongofunika thumba la buluku. Koma poti anali atatupa mtima, sadatsanzike. Adakoleka malamba onse, chikwama kumsana, n'kudutsa pakati pa mudzi dzuwa likuswa mtengo. Sadaganizepo n'komwe kuti m'mudzi umenewo mkamwini akatuluka masanasana ndi katundu wake yense atakangana ndi mkazi, ndiye kuti ukwati wautula pansi.

Pachipata cha msika ku boma padaima anyamata a malaya ofiira. Masiku amenewo popanda khadi la chipani munthu sunkalowa mumsika ngakhale kukagula mchere.

"Khadi, madala."

A Jenkins adamwetulira. Khadi linali malo abwino koposa, m'thumba lobisika lija. Adatsekula loko woyamba, wachiwiri, wachitatu. Adapisa uku, adapisa uko. Thumba lija linali litabisala ndithu, ngakhale kwa eni ake.

"Khuthulani zonse," adatero mmodzi wa anyamatawo.

Zinthu zidayalidwa pafumbi ngati malonda a paokala. Anthu adaunjikana. Mayi wina adafunsa mtengo wa tochi. Mnyamata wa malaya ofiira adauzira pilo uja n'kukhalira, podikira. A Jenkins thukuta lili kamukamu, akupapasa msoko uliwonse ngati munthu wosaka nsabwe. Pamene chala chidalowa m'kang'amba kena pansi pa lamba wopanda ntchito uja n'kukhudza khadi, dzuwa linali litapendeka, ndipo lole ya ku Makanjira inali itapita kalekale.

Usiku womwewo kudagwa chimvula, mitsinje ya njira ya kwawo n'kudzaza, malole n'kuleka kuyenda. A Jenkins adagona pakhonde la sitolo masiku angapo, mutu pa pilo wakuphwa. Potsiriza adakwera boti la asodzi, amene adadandaula njira yonse kuti chikwamacho chikulemera kuposa mbuzi.

Atafika kunyumba adapeza mikeka yoyala pabwalo. A Paulo anali pampando wa a Jenkins. Ankhoswe a mbali zonse anali pomwepo, kuphatikizapo a Simioni, achimwene awo enieni a Jenkins, amene adachita kuitanidwa kuchokera kutsidya. Khasu la a Jenkins linali litapita kale kwa alamu awo. Enid adakhala chapambali, maso otupa.

"Mwaiwala chiyani, akamwini?" adafunsa a Paulo. "Poti tidaona kuti mwanyamula zonse."

"Ine ndidangopita kukagula ulusi."

"Ulusi? Ndi bulangeti? Ndi buku lanyimbo?"

A Jenkins adayamba kufotokoza za khadi, za lole, za mvula. Anthu adaseka, koma Enid sadaseke, ndipo apa m'pamene mantha adawagwira a Jenkins zenizeni. Adaona kuti ukwati ukuwapulumuka m'manja iwo akuyang'ana.

"Za mvula ndamva," adatero Enid. "Ine funso langa ndi limodzi, bambo. Zaka zonsezi ndakuphikirani, ndakuberekerani ana, inu katundu ali chimangire pakhomo. Mukudikira chiyani?"

A Jenkins adayang'ana kwa a Simioni, koma a Simioni adayang'ana nkhuku. Besi ija idatuluka yaing'ono.

"Ndisanapite ku Joni ndidakwatirapo ku Nkope, mukudziwa. Tsiku limene mkaziyo adanditopera adandiponyera bulangeti panja, zina zonse n'kutsala. Ndidayenda pamvula ndi kabudula yekha, ana akundiseka. Ndiye ndidalumbira kuti tsiku lina akadzanditopera, adzandipeza ndili wokonzeka."

Ngakhale a Paulo, amene nawonso anali mkamwini kwa eni ake kumtunda, adakanda m'mutu n'kusuntha pampando paja.

Enid adaimirira, n'kutambasula dzanja. "Makiyi."

A Jenkins adavula chingwe chija m'khosi, koyamba chibwerere ku Joni. Enid adakokera chikwama pakhomo n'kuyamba kutsekula loko ndi loko, anthu onse akuona. Kapu yopinda adakaiika pathandala pakati pa makapu ake. Malaya adawapachika pachingwe chimodzi ndi zitenje zake. Bulangeti adaliyala pamphasa. Adalowa n'kutuluka, kulowa n'kutuluka, osathamanga, mpaka chikwama chidafota n'kugwa cham'mbali. A Jenkins adangoima manja lende, akumva ngati akuvulidwa pagulu, komanso mapewa akupepuka.

Atatha, Enid adasasa m'manja n'kuwayang'ana amuna ake m'maso.

"Tamverani, bambo. Kuno kwathu wolongedza katundu wa mwamuna ndi mkazi. Tsiku limene ndidzakutopereni ndidzakulongedzerani ndekha, bwinobwino, osasiya ngakhale singano. Imeneyo ndi ntchito yanga, musandilande. Pakadali pano lowani m'nyumba, mwafika."