Madzi amene ndinathira mwana wa eni ku Al Messila

Abale anga, izi si zomva kwa munthu ayi, zinandigwera ine mwini wakene kuno ku Doha, ndipo wofuna kutsutsa atsutse, koma Mulungu ndi mboni yanga kuti sindikuwonjezera kanthu. Mayina sinditchula chifukwa anthuwo alipo, inenso ndikadali m'dziko lomweli.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito m'nyumba ina yaikulu ku Al Messila, ntchito yanga kulera kamwana kakamuna kamene kanali kasanayambe n'kuyenda komwe. Madamu anali mtsikana ndithu, mwana woyamba ameneyo, ndipo ndisawanamizire, sanali ankhanza. Ankadziwa kuti ndine Mkhristu, Lachisanu lina ankandilola kupita kutchalitchi. Koma ejenti amene anatipezera ntchito anali atatiuziratu kuti kuno pemphera wekha, ukangoyerekeza kukokera mwana wa eni dziko kuchipembedzo chako ndiye kuti ndi polisi, ndende, kenako kudipotedwa. Mawu amenewo aliyense wa ife ankagona nawo.

Tsiku lina mwana anadzuka thupi likutentha. Madamu anamupatsa mankhwala, ataona kuti wagona anati athamangire kwa mayi awo ku Onaiza, abwera posachedwa. Inali nyengo ija yoti madzi a pampopi amatuluka otentha ngati a tiyi, ndiye ndinali nditatungira m'beseni n'kuika m'chipinda cha mwana kuti azizire. Masana mwana anadzuka akulira, ndinamuyatsira makatuni pa TV, ndikuti ndimunyamule, mayo ine! Kamwana kanauma gwa, maso kutembenuka kungotsala koyera kokhakokha, manja akugwedezeka, thovu kukamwa. Inu munayamba mwagwirapo mwana wa eni akukufera m'manja, kudziko la eni, m'nyumba muli nokha?

Ndinagwada pabeseni paja n'kuyamba kumuthira madzi pamutu ndi dzanja, monga timachitira kwathu mwana akatentha thupi. Pakamwa panga pankangotuluka mawu, kulira ndi kupemphera pamodzi, sindinkadzimva n'komwe. Atayamba kupuma bwino ndinaimbira ambulansi, kenako madamu. Kuchipatala anati kunali kutentha thupi kokha, achira, koma agone konko kuti amuone. Ine ndinabwerera kunyumba ndikuthokoza Mulungu, osadziwa kuti mlandu wanga ukuyamba kumene.

M'mawa mwake anandiitanira ku majilisi, chipinda chija cha alendo aamuna chimene ine ndinkangolowamo pokolopa. Ndinapeza bwana ali ndwii, madamu maso atatupa, ndi achimwene awo a madamu, bambo wophunzitsa mbiri yakale kuyunivesite, amene ndinkamva kuti anakhalako ku Italy. Patebulo panali laputopu. Ndinali nditaiwaliratu zoti m'chipinda cha mwana muli kamera. Anandionetsa vidiyo yake palaputopupo. Ndinadziona ndekha nditagwada, ndikulemba chizindikiro cha mtanda, kenako ndikuthira mwana madzi pachipumi, kamodzi, kawiri, katatu, milomo ikuyenda. Ngakhale ine amene, ndikanaona munthu wina akuchita zimenezo, ndikanati akubatiza.

Achimwene aja anandifunsa mofatsa kuti ndine wa mpingo wanji. Tsono inu mukudziwa kuti kwathu ku Dedza sitivutika n'kunena kuti Katolika, timangoti ndife a Aroma. Ndiye pachingerezi changa chothyokachi ndinangoti ndine Mroma. Ha! Nkhope yawo inasintha pomwepo. Anatembenukira kwa madamu n'kulankhula Chiarabu mofulumira, madamu n'kugwira pakamwa.

Kenako anandiuza ine pang'onopang'ono kuti ndimve. Anati iwo Aroma amawadziwa bwino, anawerenga mabuku awo ku Italy kumene Aromawo anachokera. Anati poyamba Aroma ankaponya Akhristu kwa mikango chifukwa chokana kulambira mfumu yawo, koma mpingo utakhazikika mumzinda wa Aroma womwewo unadzakhala ndi makhoti akeake ofufuza zimene munthu amakhulupirira, ndipo wopezeka wosiyana nawo ankazunzidwa, ena kuwotchedwa kumene. Ndiye anafika pamene panandilasa. Anati kunali mabanja osakhala Achikhristu amene analandidwa ana, chifukwa wantchito wa m'nyumba anathira mwana wodwala madzi mobisa, mpingo n'kunena kuti mwanayo tsopano ndi wawo, sangaleredwenso ndi makolo ake. Anandifunsa kuti wandituma ndani, ndipo dzina la mwana ndinakalipereka kwa wansembe uti.

Ine za mikango ndinazimvako kukalasi ya katekisimu, koma zinazo ndinali ndisanamvepo chibadwire. Ndinalumbira kuti palibe wandituma, kuti ndinkangoziziritsa mwana, kuti ife tikadzidzimuka, kaya ndi mphenzi kaya ndi njoka, dzanja limalemba lokha mtanda. Koma mumtima ndinali ndi mantha ena amene sindikanawauza. Kukalasi komweko anatiphunzitsa ubatizo wa pangozi, kuti mwana akamafa wansembe palibe, aliyense angathe kumuthira madzi n'kunena kuti ndikukubatiza. Mawu amenewo tinkawaloweza ngati nyimbo. Nanga ngati anatuluka okha ndili pakati pa kulira?

Bwana anati khalas, kutanthauza kuti basi zakwana, aimbire apolisi, apolisiwo ndi amene akadziwe. Anatulutsa foni. Ndinagwada pakapeti ndikuganiza za ana anga kumudzi, kuti adzamva kuti mayi awo ali kundende ya Aluya chifukwa choba mwana, ndani adzawafotokozera? Madamu ndi amene anagwira dzanja la amuna awo. Anati kuwodi kumene kuli mwana kuli nesi wa ku Malawi, Msilamu mnzawo, abwere amve kaye zimene ndinkanena m'chilankhulo changa.

Ananditsekera m'chipinda changa, foni atandilanda, mpaka nesiyo ataweruka. Maola amenewo sindidzawaiwala. Ndinkayesa kukumbukira zimene ndinanena, koma m'mutu munkangobwera maso oyera a mwana aja. Galimoto iliyonse ikaima panja ndinkati apolisi aja afika. Ndipo ndinene zoona, nditamva kuti ndi Msilamu ndinataya mtima, ndinati ameneyu andipereka basi.

Nesi uja anafika dzuwa litapendeka, mayi wamkulu ndithu wa ku Mangochi, atavala mpango wake. Sanandipatse moni n'komwe. Anavala mahedifoni n'kumvera vidiyo ija, kubwereza, kubwerezanso. Ine thukuta kamukamu m'chipinda chozizira ngati filiji. Atavula anauza eni nyumba kuti mayiyu ankalira kuti mwana wafa, mwana wafa, n'kutchula dzina la Mulungu mwa chipembedzo chake, monga iwo amanenera bisimila akadzidzimuka. Anati iyeyo anaphunzira pasukulu ya masisitere, mawu obatizira amawadziwa, ndipo sanawamve. Achimwene aja anamupanikiza kuti alumbire, iye anati wallahi sanawamve.

Bwana anabweza foni m'thumba. Koma anati m'nyumba mwawo sindigonanso, ndilongedze, dalaivala akanditule kuofesi ya ejenti. Madamu sanandiyang'ane. Ndinapempha kuti mwina ndikamuone mwana kuchipatala kamodzi kokha, anati ayi. Kamwana kamene ndinkakabereka kumbuyo ndi chitenje changa, kamene kankakana kudya ndikapanda kukadyetsa ine, sindinakaonenso mpaka lero.

Ndikukoka chikwama pageti, nesi uja anandipeza akudikira takisi. Apo ndiye anandilankhula Chichewa, kunditchula kuti achemwali. Ndinayamba kumuthokoza, iye anandidula. Anati sanalumbire bodza, mawuwo sanawamvedi, koma chifukwa chake n'chakuti m'vidiyomo, pamene ndinkathira madzi, sipakumveka mawu alionse, makatuni a pa TV ndi kulira kwanga zinaphimba zonse. Akanawauza kuti sizikumveka, apolisi akanabwera. Kenako anandiyang'ana m'maso n'kundifunsa kuti, pakati pa iye ndi ine, ndinanena kapena sindinanene. Ndinkafuna kukana, koma sindikanamunamiza. Ndinamuuza kuti sindikudziwa. Anapukusa mutu, n'kunena kuti ndiye tonse awiri tidzakayankha kwa Mulungu, n'kukwera takisi yake.

Panopa ndimagwira kuhotela, ndimakhala ku Rawdat Al Khail ndi anzanga, za ana a eni ndinasiya. Banja lija sindilida. Mayi amene wamva kuti anthu a mpingo wako ankalanda ana, ungamuuze chiyani kuti akukhulupirire? Chimene ndimakhulupirira n'chakuti zoipa zimene anthu anachita kalekale m'dzina la chipembedzo sizinafe nawo, zimadzagwera wosadziwa kanthu ngati ine. Inu atsikana amene mukubwera kuno kudzalera ana, mwana akadwala thamangirani foni musanathamangire madzi, ndipo pemphero lanu likhale la mumtima. Ine ndinapulumuka chifukwa mayi wa chipembedzo china anaika lumbiro lake pa mawu amene ngakhale mwini wakene sindikuwadziwa, ndipo si nonse amene mudzakumane ndi mayi ngati ameneyo.