Chiguduli Chomwe Ndinadula mu Injini ya Bambo

Bambo anga anatisiya m'mawa wa Lachinayi, mwezi wa Okutobala, kukomboni ya purazi ina kufupi ndi Wedza. Pomwe ndinkatsika kombi, minibasi yochokera ku Harare, akuluakulu a kumzikiti anali kale m'nyumba akusambitsa thupi. Ife Asilamu maliro sitigoneka. Munthu akapita m'mawa, dzuwa likamalowa azikhala ali m'dothi. Koma bambo anawonjezerapo mawu awo, ndipo anandiuza ine mwana wawo wamwamuna maso ndi maso, kangapo konse: akagone pambali pa amayi, kumanda a purazi ya ku Macheke komwe anafikira atachoka ku Malawi, ndipo iwanyamule ndi pikapu yawo, osati galimoto ya munthu wina. Nthawi zonse ndinkavomera mosaganiza n'komwe, poti ndinkaona ngati tsikulo lili kutali.

Pikapuyo inali yachifalansa, yamphuno yaitali, yakale kuposa ine. Bambo anaipeza itakhala pamiyala kuseri kwa shedi, nkhuku zikuikiramo mazira, injini mulibe. Anaikamo injini ya mapulagi sikisi yochokera m'galimoto ina yomwe inagubuduzika, rediyeta anatenga ya thirakitala, ndipo zina zonse anazipinda okha ndi nyundo mpaka zinagwirizana. Ukatsegula boneti, munali mothinana moti dzanja langa la kalaliki silinkapeza polowa. Munthu amene anachita zonsezi sankatha kulemba ngakhale dzina lake.

Anali ndi kachizolowezi kamene kankanditsitsa nkhope pansi. Paulendo wamasana, nthawi yoswali ikakwana, ankaima pamthunzi, n'kutulutsa ketulo yawo ya chitsulo, n'kutawaza, ndiye kuti kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi. Akatha, madzi otsalawo sankataya pansi ayi. Ankatsegula boneti, n'kuwathira mu injini pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Anthu pakomboni ankaseka kuti pikapu ya mudhara, ndiye kuti mdala, inalowa Chisilamu. Tsiku lina anachita zimenezi pamaso pa akuchikazi kwanga, ine n'kuwalankhula mokalipa kuti, "Bambo, chitsulo sichiswali. Mukutichititsa manyazi." Anangondiyang'ana, n'kutseka boneti, n'kundiuza kuti ndikwere tizipita.

Ndiye tsiku la malirolo ndinalephera kulowa mosambitsa thupi. Ndinafuna chochita ndi manja, ndipo ndinaona pikapu ili mbuu ndi fumbi. Ndinati ayi, bambo anga sangayende ulendo wawo womaliza m'chinthu chauve chotere. Ndinatunga madzi, ndinatenga sopo, ndinaikwecha mpaka matayala. Kenako ndinatsegula boneti. M'mbali mwa injini munali chiguduli chija timakulungira mabelo a fodya, chakuda bii, chonunkha, chozengerezedwa pa kapaipi kena n'kumangidwa ndi ulusi wa fodya. Mtima unandiwawa. Ndinati taonani umphawi wa bambo anga, mpaka nsanza mu injini! Ndinachidula ndi mpeni n'kukachiponya kudzala. Pamwamba pake panali kachitini kopindidwa ngati ngalande, komangidwa ndi waya. Sindinadziwe ntchito yake, koma ndinakapukuta mpaka kanawala, ndipo ndinadziona ngati mwana wolemekeza kholo.

Tinanyamuka titaswali masana. Anthu ambiri anali atatsogola pa lole ya papurazi, ndipo a ku Macheke anali ataimba foni kuti manda atha kukumba. Ine ndinagwira chiwongolero, a shehe anakhala pambali panga atafukata ketulo ya bambo ndi chigubu cha madzi otawazira kumanda. Kumbuyo kunali jeneza, machira aja timanyamulira maliro, ndi amuna anayi oigwirizira. Wachisanu anali mkulu wina amene tonse tinkamutchula kuti Sekuru, ndiye kuti agogo m'Chishona.

Sekuru sanali m'bale wathu, komanso sanali Msilamu. Anali Mchewa wa gule, Lamlungu n'kupezekanso kutchalitchi, ndipo moyo wake wonse anagwira ntchito yowotcha fodya m'mabalani mpaka utsi unamuthera maso. Anali sahwira wa bambo, monga amanenera anzathu a Chishona, mnzawo wa pamtima amene pamaliro ali ndi ufulu wonyoza womwalirayo mmene angafunire, ndipo palibe womuletsa. Titangotuluka pageti anayambapo. "Gona bwino, achimwene, lero akuyendetsa ndi kalaliki. Ukafika wamoyo ndi mwayi."

Kunatentha tsiku limenelo, amangwetu. Phula linkanyezimira ngati lanyowa. Titayenda ndithu pamsewu wa ku Marondera, pachitunda china injini inatsokomola, inadukiza kawiri, kenako zii. Ndinatsegula boneti ngati munthu wodziwa. Petulo analimo, ndinali nditathira ndekha. Madzi m'rediyeta analimo. Ndinagwedeza mawaya a batire, ndinamangitsa kamodzi ndi sipanala, ndinapukuta thukuta, ndinayang'ananso. Patapita kanthawi ndinayesa kiyi, ndipo inalira bwinobwino. Ndinauza a shehe monyadira kuti linali batire.

Sitinapite patali, inazimanso. Ulendo uno anaima woyendetsa kombi wina, munthu wachifundo, atazindikira kuti tanyamula maliro. Anazula waya wa pulagi, anausendeza pachitsulo, ine ndikupukusa kiyi, ndipo moto unathetheka. Anati moto ulipo. Anamasula sefa ya petulo, anaiwuzira, inali yoyera. Anasuzumira mu injini monse, anagwira m'chiuno, n'kunena kuti, "Maiwe, anamanga izi ndani? Injini iyi si ya muno." Ndinati ndi amene agona kumbuyoko. Anavula chipewa, anapepesa, ndipo anapita chifukwa anthu ake anali atayamba kudandaula. Pikapu itapuma inaliranso yokha, ndipo apa ndinadziwa kuti batire lija ndinangodzinamiza.

Kachitatu inazima tisanalowe n'komwe mu Marondera, dzuwa litapendeka kale. Foni yanga inkangolira, a kumanda akufunsa kuti tili pati. A shehe anandikokera pambali. Analankhula mofatsa, koma mawu ake anali olemera. Anati maliro akhala padzuwa nthawi yaitali, ndipo zimenezi si ulemu. Anati tiimitse lole iliyonse tisamutse jeneza, ndipo ikapanda kupezeka msanga, tipemphe abale a mzikiti wa m'tauni atipatse malo kumanda awo. "Mawu a bambo ako ndi aakulu, mwananga, koma kuika maliro msanga n'kwakukulu koposa."

Sindinawatsutse, chifukwa ankanena zoona. Ndinangokhala pansi m'mbali mwa msewu, mu mkanjo wanga woyera watsopano, n'kulira ngati mwana. Zinthu ziwiri zokha anandipempha munthu uja moyo wake wonse, ndipo zonse ziwiri zinkandipulumuka m'manja tsiku limodzi.

Ndipamene Sekuru anatsika, akupapasa m'mbali mwa pikapu. "Nkhalamba iyi ndi yamakani ngakhale itafa," anatero. "Ikufuna tonse tigone panjira." Atafika kutsogolo anaweramira mu injini, osati kuti aone, poti maso analibe, koma ananunkhiza. Anaimirira msanga.

"Muno mukununkha sopo. Watsuka ndani?"

Ndinati ndine, Sekuru.

Analowetsa dzanja, osagwira kanthu, akungoyendetsa kuseri kwa chikhatho pamwamba pa zitsulo, mmene ankayezera moto m'balani. Anayenda nalo kuchokera kutsogolo, anadutsa pa kabuleta, anatsikira m'mbali, ndipo pamalo ena anaima. Anakhudza kapaipi kaja ndi chala n'kuchichotsa msanga.

"Iwe kalaliki, malaya a paipi iyi ali kuti?"

"Malaya ati, Sekuru?"

"Chiguduli! Chinali apa chiguduli."

Ndinati ndinachidula, chinali chauve, chili kudzala kukomboni.

"Asa! Sukulu yonse ija!" Anawomba m'manja kamodzi, n'kutembenukira ku jeneza. "Wamva, achimwene? Mwana wako waivula galimoto, akuiyendetsa yamaliseche pa Okutobala." Amuna aja anaseka, ngakhale a shehe anabisa pakamwa. Kenako Sekuru anandigwira dzanja, mwamphamvu ndithu, n'kulilowetsa mu injini momwemo. Anandiuza kuti ndimve. Kapaipiko n'komwe kankabweretsa petulo kuchokera kuthanki, ndipo chifukwa injiniyo inali yaikulu kuposa malo ake, kankadutsa pafupi kwambiri ndi chipaipi cha utsi, mpata wake zala ziwiri basi. Kunalibe kwina kokadutsitsa. Kukatentha, petulo ankawira m'kapaipimo asanafike, pampu n'kumakoka mpweya wokhawokha. Galimoto ikapuma, petulo ankazizira, n'chifukwa chake inkaliranso yokha. Anati petulo wa masiku ano wosakaniza ndi za nzimbe ndiye sachedwa n'komwe kuwira.

"Bambo ako anavutika nazo chilimwe chathunthu," anatero Sekuru. "Anabwera kubalani kudzandifunsa kuti moto ndimauweta bwanji. Ndinamuonetsa mmene timanyowetsera ziguduli. Chiguduli chonyowa, mphepo ikamachiwomba, chimazizira. Basi anapita osatsanzika."

Anasuntha dzanja langa n'kuliika pa kachitini kaja ndinakapukuta m'mawa. Ndinakatsatira ndi chala. Kanayambira pamwamba, pomwe munthu angafikire ndi mlomo wa ketulo, kanakhota kuzemba mawaya a mapulagi kuti asanyowe, ndipo kanathera ndendende pamwamba pa kapaipi kaja. Kumapeto kwake kunali timabowo tinayi tobooledwa ndi msomali, kuti madzi azidontha m'litali mwa chiguduli chonse, osati pamalo amodzi.

Ndinaima pamenepo chala chikadali pa kachitiniko. Zaka zonse zija ndinkaona nkhalamba ikusewera ndi madzi, pomwe iwo anali atawerengera zonse: kutentha kwa chitsulo, njira ya mphepo, ngakhale nthawi. Swala ya masana ndi ya chakumadzulo zimagwa pomwe dzuwa lili paukali, ndiye sankafunika wotchi kapena geji yowakumbutsa. Akatawaza iwo, chiguduli chinkamwanso. Ine ndinawakalipira pamaso pa anthu, ndipo sanaone chifukwa chodzitetezera kwa mwana amene sanafunse.

"Usangoti kakasi, dzuwa silikudikira," anatero Sekuru. "Tipeze nsalu."

Chiguduli panalibe. Nsalu yophimba jeneza sitikanaigwira. Ndinayang'ana mkanjo wanga, ndinaluma m'mphepete mwake ndi mano, n'kuung'amba kuzungulira mpaka m'mawondo. Sekuru anaupinda katatu, anauzengereza pa kapaipiko ndi zala zake zosaopa moto, ndipo anamanga ndi chingwe cha nsapato yanga. Kenako anati madzi. Madzi okhawo omwe tinali nawo anali otawazira aja. Ndinayang'ana a shehe. Iwo anadzaza ketulo ya bambo, anati Bismillah, n'kuthira okha m'kangalande kaja. Tonse tinaweramira kuonerera madzi akuyenda, akukhota, akudontha pa timabowo tinayi. Nsalu inachita utsi pang'ono, kenako inada ndi chinyezi. A shehe anapukusa mutu n'kunena chapansipansi kuti Mulungu amapatsa nzeru amene wamufuna.

Tinadikira pang'ono. Nditapukusa kiyi, inazungulira kangapo, inatsokomola, kenako inabangula ndi mawu ake onse aja omwe pakomboni ankawadziwira kutali. Tinadutsa Marondera osaima. Panjira ya ku Macheke tinaima kamodzi kokha kuthiranso madzi, Sekuru atagogoda padenga, chifukwa anamva fungo la nsalu youma ali kumbuyo komweko. Mpaka lero sindimvetsa kuti anamva bwanji.

Tinakhota kulowa msewu wafumbi wa kupurazi dzuwa litakhala pamwamba pa mitengo ya bulugamu. Anthu anali ataimirira kale m'mizere. Tinawaswalira bambo, ndipo ndinatsikira m'manda kukawalandira ndili ndi mkanjo wofika m'mawondo ndi nsapato imodzi yopanda chingwe. Palibe anandifunsa. Tinawagoneka chakumanja kwawo, pambali pa amayi, ndipo dothi lomaliza linagwa kukadawala.

Itakwana swala ya kulowa kwa dzuwa, ndinatawaza ndi ketulo yawo ija, ndipo munatsala madzi pang'ono. Kunja kunali kutazizira, injini sinkawafunanso. Komabe ndinapezeka ndaima kutsogolo kwa pikapu, boneti ili yotsegula. Sekuru anali atatsamira chitseko, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku lonselo sankanyoza munthu. Nditayamba kuthira anatchera khutu.

"Pang'onopang'ono, iwe," anatero. "Mnzanga sankathira ngati akuzimitsa moto."

Ndinapendeketsa ketulo pang'ono, mmene ndinkawaonera bambo akuchitira, mpaka madzi onse anatha.