Makina Anga ndi Ng'ombe za Mlongo Wanga

Chaka chimene boma linalola akazi kuvala mathalauzi, ine ndinali ndikugonabe m'nyumba ya makolo anga ku Chibanja, mumzinda wa Mzuzu, chimtsikana chachikulu choti anzanga akusukulu anali atabereka kale. Mayeso a fomu folo sindinakhoze bwino, ntchito sinapezeke, ndipo mwamuna wondifunsira sanaoneke. Sopo ndinkachita kupempha, mafuta odzola ndinkachita kupempha. Bambo sankakana, koma asanapise m'thumba ankayamba ausa moyo kuti aliyense m'nyumbamo amve.

Ife kwathu ndi ku Dowa. Bambo anali kalaliki wa boma, ndipo anawatumiza ku Mzuzu ine ndili wamng'ono. Zaka zonsezo Chitumbuka chawo sichinapitirire "yewo", pamene ine ndinachimwera pampopi ndi kusukulu. Chimene ankakonda kuseka kwambiri ndi malowolo. "Anthu ogula akazi ngati njinga," ankatero. "Ine mayi ako ndinawatenga ndi nkhuku imodzi ndi kulimira apongozi, basi."

Zaka ziwiri chisanafike chaka chimenecho, nditatopa ndi kukhala, ndinapita kwa telala wina wachikulire, Msilamu wa ku Mangochi, amene ankasoka pakhonde la sitolo pafupi ndi msika waukulu. Ndinkamangirira mabatani, kupinda mipendero ndi kusita ndi simbi ya makala. Malipiro panalibe. Tinapangana kuti ndikagwira ntchito mokwanira adzandipatsa makina akale opukusa pamanja amene ankangokhala pansi pa tebulo lawo. Mvula inagwa n'kukata, inagwanso n'kukatanso, ine ndikupsa zala ndi simbi. Tsiku limene anati tengani, ndinawasenza pamutu kuchokera kumsika mpaka ku Chibanja, kukuwaza kamvula kozizira ka ku Mzuzu kaja. Chitenje ndinafunditsa makina, ine n'kunyowa. Chinali chinthu choyamba m'moyo wanga chimene sindinauze munthu zikomo wopempha.

Nthawi imeneyo n'kuti tauni yonse ikuwira ndi matipate. Anyamata pa depoti ankakweza zala ziwiri kwa aliyense wodutsa, ndipo mawu oti ufulu ankamveka ngakhale pogula tomato. Bambo ankabwera kuntchito ali ndwii. Monga munthu wa m'chigawo chapakati, ankaopa kuti zinthu zikasintha ntchito iwathera, ndipo wailesi ankaimvera ataitsamiritsa kukhutu.

Ine ufulu unandipeza mwa njira ina. Lamulo la kavalidwe litachotsedwa, atsikana anayamba kugula mathalauzi a amuna pa kaunjika, aakulu ngati matumba a chimanga. Ankafuna owachepetsera. Koma ndi mtsikana uti akanaima pakhonde la sitolo, anthu akudutsa, bambo wandevu akumuzunguliza tepi m'chiuno ndi m'ntchafu? Ndiye anayamba kubwera kwa ine, kulowera khomo lakuseri, thalauzi atalikulunga m'chitenje ngati nyama yakuba.

"Monire asisi," ankanong'ona. "Iyi yandikulira chomene m'chiuno. Koma please, amama asadziwe."

Anabwera ophunzira unamwino, a m'mabanki, ngakhale mwana wa abusa. Sopo ndinayamba kugula ndekha, wonunkhira, ndipo ndinkamusiya dala pazenera kuti aoneke. Tsiku lina bambo anapeza thalauzi lopindidwa m'chiuno mwachikazi lili pachingwe. "Matipate athere kumsewu, m'nyumba mwanga ayi," anatero. Kuyambira pamenepo ndinkasoka iwo akapita kuntchito, mayi akundiyang'anira kunjira.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndinapeza kachipinda ku Geisha, dera lina la mu Mzuzu momwemo, kwa mayi wina wamasiye. Kanali kakang'ono, kadenga kodontha pangodya, koma kanali ndi zenera loyang'ana kunjira pamene ndikanaika makina anga. Tinagwirizana kuti ndilowa mwezi ukatha. Ndinagula poto, mbale ndi loko, n'kuzibisa pansi pa bedi.

Ndinali ndi mlongo wanga wamng'ono amene sukulu anaisiyira panjira. Ntchito yake inali kuthamangira malole opita kumisonkhano ya ndale, lero ya awa, mawa ya awo, bola kuimba ndi kulandira malaya. Ameneyo ndiye anapereka mimba kwa mtsikana wa kufupi ndi Ekwendeni.

Abale a mtsikanayo anabwera Loweruka, azibambo ovala majekete, pamodzi ndi thenga wawo, amene ife timati nkhoswe. Anakhala pamipando yathu, zipewa pamaondo, n'kuyamba kulankhula Chitumbuka chakuya, mosathamanga. Bambo anangoti kakasi. Mwini mlandu anali atazemba m'mamawa. Ndiye bambo anaitana ine kuti ndigwade pakhomo ndizimasulira. Ndi pakamwa panga pamene bambo anamva kuti pali chindapusa choipitsa mwana wa eni, ndipo pambuyo pake pali malowolo. Mawu oti ng'ombe ndinawatchula ndine. Ndinayang'ana bambo kudikira nthabwala yawo ya njinga ija, koma tsiku limenelo sanaseke.

Ng'ombe tinalibe, ngakhale ku Dowa. Alendowo anati alandira ndalama m'malo mwake, koma gawo loyamba lisachedwe, apo ayi nkhani ipita kubwalo. Bambo anaopa kuti dzina lawo likamveka kubwalo pa nthawi ngati imeneyo, kuofesi apezerapo chifukwa. Anagulitsa njinga yawo. Anagulitsa wailesi ija. Ine ndinawamvera chisoni ndithu, mpaka ndinawagulira shuga ndi masamba a tiyi. Sindinaganize n'komwe kuti maso awo akuyendabe m'nyumbamo.

Mwezi uli pafupi kutha, ndinapita ku Geisha kukasesa kachipinda kanga ndi kukamata pangodya podontha paja. Ndinabwerako masana, manja ali matope okhaokha. Nditalowa kuchipinda ndinapeza tebulo lili lokha. Pansalu yoyala panatsala chizindikiro cha pamene makina ankakhala, ndipo thalauzi limene ndinalisiya pansi pa singano linali litapindidwa bwinobwino pabedi, ulusi atachita kudula ndi sizasi.

Mayi anali kuseri akusankha nyemba. Sanadzutse mutu. Ndinadziwa kuti amene anadula ulusi uja mwaudongo choncho ndi iwowo.

Bambo atabwera ndinagwada monga mwa masiku onse, koma mawu anga sanagwade.

"Bambo, makina anga ali kuti?"

"Ako?" anafunsa akumasula nsapato. "Denga limene amakhalamo ndi la yani? Chakudya chimene unkadya pophunzira kusokako chinali cha yani?"

"Ndinawagwirira ntchito ndekha."

"Ndipo mlongo wako akamangidwa uzisoka mosangalala? Chibale ndi fupa, iwe."

Ndinawafunsa chifukwa chake fupalo linali kuthyokera mbali yanga yokha, pamene mwini mimba akadali ndi nsapato zake zonse. Sanakwiye. Anandiyang'ana ngati akundichitira chifundo.

"Usadandaule. Chitumbuka umachitha. Ukapeza mwamuna wa konkuno, ng'ombezo zibwerera, ndidzakugulira makina apamwendo."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa tebulo lopanda kanthu lija, ndipo amandiwawabe. Munthu amene moyo wake wonse ankanyoza ogula akazi anali atandiyika kale pamtengo. Ndinadana nawo madzulo amenewo, ndipo sindichita manyazi kunena.

Kachipinda ka ku Geisha kanatengedwa ndi wina, pangodya pake nditamata kale ine. Mlamu wanga anabwera ndi kachikwama ndi mimba yake, ndipo popeza banja lifunika chitseko, anawapatsa chipinda changa. Ine ndinasamukira pabalaza, kuyala mphasa anthu onse akalowa, kupinda asanadzuke. Poto, mbale ndi loko zija mayi anazipeza pansi pa bedi n'kuzipereka kwa banja latsopanolo. Lokoyo ndi amene ankatseka chitseko chimene chinali changa.

Patapita masiku ndinadutsa kumsika ndipo ndinawaona makina anga pakhonde la telala uja. Ndinawazindikira ndi kansalu kofiira kamene ndinakulunga pachogwirira. Mkuluyo anavula magalasi atandiona.

"Chemwali, bambo anu anabwera okha, mnyamata wa wilibala ali pambuyo. Ndikanakana kuwagula akanapita nawo kwa wina. Ndinati bola akhale pano poti muziwaona."

Mwina ankanena zoona. Koma anapitiriza kunena kuti atsikana akhala akubwera kudzafunsa za ine, ndipo ntchito ya mathalauzi ikungowadutsa. Anati ine ndiziwayeza kuseri kwa sitolo, iwo azisoka, ndipo pa thalauzi lililonse azindipatsa kangachepe. Ndinafuna kukana. Koma sopo wanga wonunkhira anali atatha, ndipo sindinafune kumvanso kuusa moyo kuja. Ndinatenga tepi.

Chisankho chinachitika, boma linasintha, anthu anavina mumsewu mpaka fumbi kobo. Bambo ntchito sinawathere. Palibe ngakhale amene anawafunsa za kwawo. Ndalama zitayamba kuoneka anagula wailesi yatsopano, kenako njinga. Za makina sanatchulenso, ndipo ine ndinakhalabe pabalaza paja zaka zina, ndikuyeza ziuno za makasitomala anga kuseri kwa sitolo ya eni, kwinaku ndikumva kulira kwa makina anga kutsogolo.

Mlamu wanga anali mwana wabwino, wosadziwa kanthu. Atachira, mwana ali kumsana, anabwera kwa ine pakhonde ndi kanthu kokulunga m'chitenje. Anayang'ana uku ndi uku n'kutulutsa thalauzi la pa kaunjika.

"Alamu, anzanga akuti mumasoka makora chomene. Mungandichepetsereko? Kodi makina anu mumasungira kuti? Sindinawaonepo m'nyumba muno."

Panalibe amene anamuuza. Mayi, amene anali pafupi akutsuka mbale, anasiya kutsuka.

"Ali kwanu, alamu," ndinayankha. "Akudya msipu."

Anaseka, poyesa ndikucheza. Ndinatulutsa tepi m'thumba n'kumuuza kuti akweze manja.