Damu la Kuseri kwa Nyumba

Fungo la madeya onyowa limandibwezera ku Chipoka, kuseri kwa nyumba yathu. Amayi anakumbitsa damu la nsomba kumeneko bwato la abambo litatembenuzika ndi mphepo ya mwera, abambowo n'kupulumuka mwamwayi. Anansi ankaseka kuti damu lanji pafupi ndi nyanja.

Tsiku lina mwera unawombanso. Abambo ankangozungulira damulo akuwaza madeya, koma maso ali kunyanja.

"Bambo a mwana, makumba akula, ndiwo zilipo," anatero amayi.

"Zodikira kudyetsedwa ngati nkhukuzi? Si nsomba izi!"

Anaponya beseni pansi n'kulunjika pakhonde, pamene panali nkhafi yawo yopalasira bwato. Ndinathamanga, ndinawapitirira, ndinaikhalira nkhafiyo. Anaima patsogolo panga atatambasula dzanja, lili mbuu ndi madeya. Sindinadzuke.