Pamwamba pa basi ya ku Joni

Amama, lero ndakukumbukani nditaima pa siteji ku Jenda. Chaka chija munabwera kudzandiona ku Joni, ndinakukwezani basi ya alendo yopanda denga, yozungulira ndi anthu mumzinda kuti aone malo. Munapatsa moni aliyense, azungu, amwenye, matchaina, mpaka kuwagawira mtedza wa ku Engutwini. Ine ndinali kalikiliki kukulozerani nyumba zitalizitali, koma inu maso anali pansi, pa anthu oyenda mumsewu. Ndinapsa mtima. "Amama, mukuonanji kumeneko?" Munayankha osacheuka n'komwe: "Pamwamba pano munthu ukuona nkhope zambiri, mwana wanga. Mwina Chawanangwa adutsa." Apo m'pamene ndinadziwa kuti simunabwere kudzaona mzinda. Munkafuna mchimwene wanga uja anatchona, wosaimba ngakhale foni. Tinazungulira mpaka dzuwa kupendeka, osamuona. Potsika munathokoza dalaivala kuti, "Yewo chomene," ngati zonse zayenda bwino.

Amama, lero Chawanangwa watsika basi pa Jenda. Waonda, imvi zayamba, chikwama n'chimodzi chokha, koma wabwera ndi miyendo yake, osati m'bokosi monga tinkaopera. Mawu ake oyamba anali akuti, "Amama ali kuti?" Mawa ndimuperekeza kumanda kwanu akakuuzeni yekha komwe anali. Ine mtima wakhala pansi. Lekani kuyang'ana mumsewu tsopano, amama. Mbwenu basi, mwana wanu wafika. Gonani.