Botolo Limene Ndinakana Kugulitsa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha kamwa langa losatseka. Amuna anga atawatumiza kukaphunzitsa kufupi ndi Bandawe, ine ndinkangokhala. Tsiku lina ndinalowa m'sitolo ya mankhwala pa Chintheche kukagula panado, n'kuyamba kufunsa za botolo lililonse la pashelefu. Eni ake, NyaManda, amene kale anali namwino, anandiyang'ana nati, "Mafunso onsewa bwerani mudzawafunse mawa, mukupukuta fumbi."

Chimene chinkayenda malonda kuposa zonse chinali gilaipi wota, timadzi ta zitsamba tomwetsa khanda likamalira ndi m'mimba mopotokola. Ndinkadabwa kuti timadzi tomweti tili ndi chiyani. Ndinanunkhiza, ndinalawa, ndinawerenga pabokosi: jinja, timbewu tonunkhira ndi zotsekemera. Ndinafunsa ngati timachizadi. NyaManda anaseka. "Nthawi zambiri timatonthoza mayi. Mwana amasiya yekha akamakula."

Anandiphunzitsa kuona ngati chotsekera sichinatsegulidwepo, kuwerenga tsiku lothera mphamvu, ndi kuyeza ndi kasirinji, osati supuni ya tiyi. Anandionetsanso kugeyetsa mwana paphewa akatha kuyamwa, ndipo amayi ambiri ankabwerera osagula kanthu. Koma lamulo lalikulu linali kufunsa usanapereke: mwana wakula bwanji, akuyamwa, thupi likutentha, akusanza? Ntchito yofunsa anthu ndiye anaipereka kwa mwini wake, ine wa kamwa losatseka.

Tsiku lovuta linafika NyaManda atapita kukaoda katundu ku Mzuzu. Kunalowa msodzi wa cha ku Kande, bambo Longwe, maso ofiira ndi tulo.

"Ama, ndipaseniko botolo la ana lija."

"Mwana wabadwa liti, ada?"

"Sabata yathayi."

Pabokosi panalembedwa kuti osamwetsa khanda losakwana mwezi. Ndinawauza, koma sanasunthe. Ndinafunsa ngati akuyamwa bwino.

"Akuti wachepetsa."

"Thupi likutentha?"

"Kaya."

Kaya ameneyu anandidabwitsa. Bambo wanji wosadziwa thupi la mwana wake? Ndinafunsa mopanda manyazi. Anandifotokozera kuti mchombo sunagwe, choncho mayi ndi khanda ali m'nyumba ndi azakhali, ndipo mwamuna salowamo. Kwathu ku Ntcheu timati ali m'chikuta. Mwanayo anamuona kamodzi kokha potuluka kuchipatala, atakulungidwa m'zitenje. Zonse ankazimvera pakhoma.

"Walira masiku awiri, ndimamva ndili panja," anatero. "Lero wakhala chete. Azakhali ati ndigule botolo kuti asayambirenso."

Mwana wa m'mimba mopotokola amalira mwamphamvu koma bere salisiya. Uyu wachepetsa kuyamwa, kenako watonthola yekha. Ndinachita mantha, ndipo ndinawauza choncho.

"Ada, botolo sindikupatsani. Mwanayo afunika kuchipatala."

Anakwiya. Anati akagula kugolosale, kumene safunsa ngati kupolisi, ndipo sankanama. Ndinadziwa kuti akatuluka yekha mwanayo amwetsedwa timadzi totsekemera n'kugonekedwa. Ndinakhoma sitolo masanasana, osadziwa kuti NyaManda adzati chiyani. "Inu simulowa, koma ine ndine mkazi. Tiyeni."

Tinakwera njinga zamoto. Azakhali anandilandira ndi nkhope yolimba, koma anandilola kulowa. Nditafunyulula chitenje, thupi la mwana linali lotentha ngati mbale yosiyidwa padzuwa. Pamchombo panali potupa, pofiira, pakutuluka mafinya. Mayi ake, mtsikana wamng'ono, anandinong'oneza kuti kuyambira m'mawa bere akungolilavula. Azakhali ataona okha sanatsutse. Iwo ndi amene anatsegula chitseko n'kuitana, "Longwe, bwera."

Mayi anali wofooka, sakanatha kunyamula mwana panjinga. Azakhali anamuika mwanayo m'manja mwa bambo ake, manja ozolowera kukoka ukonde wa chilimira. Kuchipatala anamugoneka ndi kumuyamba jakisoni. Anachira.

NyaManda atabwera sanandiyamikire ndi pang'ono pomwe. Anangoti, "Tsiku lina muzisiya uthenga kwa a telala apakhondepa kuti mwapita kuti." Tinaseka tonse.

Lero ndili ndi sitolo yangayanga, ndipo gilaipi wota ndimagulitsabe. Koma munthu akabwera popanda mwana, ndisanafunse za msinkhu kapena kutentha, ndimayamba ndi funso limene pabokosi palibe: "Mwanayo mwamuona nokha?"